Miting'i Imene Aliyense Anapitako

Lamulungu, 1:40 masana, pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Chisemphere. Mvula inali itangokata kumene. Cornelius Kalekeni wa CID anafika wapansi, matope mpaka m'mawondo, njinga yamoto ataisiya pa kamlatho chifukwa inangoti pa chitunda ichi ine ayi.

Zaka 22 ali pa ntchito imeneyi, mitembo waionapo ya mitundumitundu. Koma uwu anauyang'anitsitsa kaye.

Chigafa chowumitsiramo fodya chinali chitagwa chakumapeto. Mtanda wa denga uli pansi, udzu uli mbwee, ndipo pansi pa mtandawo munthu atagona chafufumimba. Grey Namalomba, tenanti wochokera ku Phalombe, zaka 38, ana atatu.

"Ndi ngozi iyi, bwana," anatero bambo wina wa shati yoyera, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. "Chiswe. Onani nokha mtengowo, ufa wokhawokha m'kati."

"Inu ndinu ndani?"

"Goodness Chidzanja, kalaliki wa esiteti. Ndinenso sefite ofisala. Za chitetezo cha ogwira ntchito zonse zimadutsira kwa ine. Safety first, bwana."

Kalekeni anayang'ana denga lomwe linali pansi lija. "Ndaona. Nanga ngati ndi ngozi, uyo mwamumangiranji?"

Pansi pa mtengo wa mango panali munthu atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe, mlomo utatupa ngati mandasi. Anthu atamuzungulira, ena atanyamula zibonga.

"Ameneyo ndi Ernest Likaka, tenanti mnzake. Anakangana ndi malemu Lachisanu. Anthu akuti mwina ndiye wagwedeza nsanamira."

"Ndiye ndi chiswe kapena ndi Ernest?"

"Zonse zimatheka, bwana."

Kalekeni analowa m'chigafamo, akuwerama. Fodya anali atapachikidwa pa mikangala kuyambira pakhomo mpaka kumapeto, mzere ndi mzere. Anafika pamalo pogwa paja, nafukula udzu ndi phazi. Anafukulanso. Panalibe tsamba ngakhale limodzi. Koma chigawo choyandikana nacho, chomwe sichinagwe, mikangala inali itathithikana kawiri kuposa kwina konse, yosanjidwa bwinobwino, palibe tsamba lothyoka.

Anatulutsa foni, najambula. Chigafa chikamagwa sichiyamba chasamutsa kaye fodya. Pali munthu amene anadziwa kuti denga ligwa, ndipo fodya anamumvera chisoni.

Kalekeni anamutenga Ernest, chifukwa akanamusiya sakanafika madzulo. Nthawi inali 3:05. Lamulo limati maola 48. Pofika 3:05 Lachiwiri, kapena Ernest atuluke, kapena akaonekere kukhoti pa mlandu wakupha. Ndipo rimandi ya mlandu wakupha si ya sabata imodzi ayi. Mkazi wa Ernest, Ennie, mimba ya miyezi 8, anawathamangira mpaka pa kamlatho paja, osalira, akungoti, "Bwana, sanadye, sanadye chiyambire dzulo."

Lolemba, 8:15 m'mawa, dokotala anaimba. Bala lili kunkhongo, lozungulira, la chitsulo. Mtengo wofumbwa uja sungaboole fupa chonchija. Munthuyo anafa dzulo pakati pa 9 ndi 11 koloko, anthu ali kutchalitchi.

9:00, kachipinda kofunsira mafunso. Ernest anakhala pa benchi, manja ali pakati pa mawondo.

"Lachisanu munamuuza chiyani Grey?"

"Ndinati ndikuphwanya."

"Eh. Mukuvomera yomweyo?"

"Nanga anthu onse anamva, bwana. Koma kunali kulankhula chabe. Ine ndi Grey tinabwera lole imodzi."

"Munakangana chiyani?"

Ernest anapukusa mutu. "Lachitatu kukubwera a kampani yogula fodya. Amadzaona ngati esiteti ikutsata malamulo. Grey amati akawauza zonse. Za kupopera mankhwala opanda magolovesi, za zigafa zofumbwa, zonse. Ine ndinati achimwene, akakwiya nkuthetsa kontirakiti, fodya yense uyu tigulitsa kuti? Tibwerere ku Phalombe chimanjamanja, chaka chonse tagwira ulele? Mkazi wanga akachirira pa chiyani?"

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"M'nyumba, ndikusanza. Loweruka tinathyola fodya wa mame tsiku lonse. Amaledzeretsa ameneyo, mutu umazungulira ngati wamwa kachasu."

"Anakuonani ndani?"

"Nkhuku basi."

Kalekeni anakanda m'mutu. Munthu uyu anali ndi chifukwa, analibe mboni, anaopseza pagulu. Fayilo yake ikanatha kutsekedwa pompo. Koma munthu wosanza angasamutse mikangala 60 yekha, osathyola tsamba?

11:30, ofesi ya esiteti. Kachipinda kamodzi, tebulo, sola padenga, mafoni a matenanti ali ndanda pa tchaja. Goodness anatulutsa pepala m'fayilo ya pulasitiki, mwaulemu ngati satifiketi.

"Iyi ndi fomu ya miting'i ya sefite. Kampani imafuna umboni woti ogwira ntchito tinawafunsa maganizo awo pa za chitetezo ndi umoyo. Popanda imeneyi, no contract. Tinachita pa 3 Febuluwale. Onse 24 anadinda."

Mayina 24, zidindo za zala 24. Pamzere wa mavuto omwe ogwira ntchito atchula panalembedwa mawu amodzi: Palibe.

"Palibe ndithu?"

"Anthu athu ndi okhutira, bwana."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Kutchalitchi ku Nkhamenya. Ndinakhala kumbuyo, ndinachedwa pang'ono. Ngati mukufuna munthu wokayikitsa, funsani kapitawo Nthanda. Iye ndi Grey samamwerana madzi."

Kapitawo Nthanda sanavute. Anangotulutsa foni, naonetsa vidiyo ya pa gulupu ya kwaya. Ndi uyo ali kutsogolo, tayi yofiira, akuimbitsa kuyambira 9 mpaka dzuwa pamutu. Mawu ake oipa zedi, koma umboni wabwino.

Ndiye Kalekeni anaika mpando pakhonde, nayamba kuitana matenanti mmodzimmodzi. Funso linali limodzi: pa miting'i ija, Grey anakangana ndi ndani?

Anayamba ndi mayi Fainess.

"Miting'i inachitika, bwana. Ndinalipo."

"Kuti?"

"Pansi pa mango. Loweruka. Anatipatsa tiyi."

"Grey ananena chiyani?"

"Sanabwere. Anali kuchigayo."

Wachiwiri anali bambo Yankho, wa imvi, mano atatu.

"Ndinalipo, mwana wanga. M'chigafa chachikulu, Lachiwiri, mvula ikugwa. Grey ndiye anatsegula ndi pemphero."

"Tiyi analipo?"

Mkuluyo anaganiza kaye. "Kwa ena."

Wachitatu anati inachitikira ku ofesi, kunali zakumwa za m'botolo. Wachinayi anati anakhala kutsogolo kwenikweni koma sanamve kalikonse. Wachisanu anafunsa kaye kuti anzangawo anena kuti chiyani. Wachisanu ndi chimodzi anati miting'i inali yabwino kwambiri, anaphunzira zambiri, ndipo atafunsidwa kuti monga chiyani, anayang'ana kumwamba nkuti, "Monga chitetezo."

Pofika 2 koloko, Kalekeni anali ndi miting'i ya pansi pa mango, ya m'chigafa, ya ku ofesi, ya Loweruka, ya Lachiwiri, Grey alipo, Grey palibe, Grey akupemphera. Mutu unaima. Anthu akamanama mogwirizana amanena chimodzi. Awa amagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti analipo. Akubisa chiyani? Akuteteza Ernest? Akumupereka? Kapena Grey anamuphera limodzi onse 23?

Chinamuwonjezera mkwiyo ndi inki. Aliyense akamaliza sitetimenti amamudinditsa chala, koma chidindo chilichonse chimangotuluka chibanthu chakuda, chopanda mizere, ngati ndowe za mbuzi. Anapukuta kabokosi ka inki, nayesanso ndi mayi Fainess. Chimodzimodzi.

"Inki ya boma iyi yatha ntchito," anadandaula.

Mayi Fainess anaseka koyamba tsiku limenelo. "Si inki yanu, bwana. Ndi fodya." Anatambasula manja. Zala zonse zakuda bii, utomoni utamatirira, khungu litang'ambikang'ambika. "Tikayamba kuthyola pakati pa Januwale, mpaka Epulo ife zala tilibe. Ungatsuke ndi mchenga, ndi phulusa, sizichoka. Mwana wanga foni yake yotsegula ndi chala imamukana mwini wake."

Kalekeni anaziyang'anitsitsa zalazo. Kenako anatulutsa fomu ija pang'onopang'ono.

3 Febuluwale, pakati penipeni pa kuthyola. Zidindo 24, zonse zoyera, mizere ikuoneka ngati ya m'buku la ku koleji ya polisi. Anaiyandikitsa kumaso. Zina zazikulu, zina zazing'ono. Pa nambala 4 panali kamzere koyera kodula pakati, chipsera. Pa nambala 14, kamzere komweko. Pa 24, komwekonso.

"Mayi, miting'i ija kunalibe, eti?"

Mayi Fainess anayang'ana chitseko cha ofesi, natsitsa mawu. "Akalaliki anatiuza kuti aliyense akafunsa tiziti tinalipo, apo ayi kampani ithawa. Koma sanatiuze kuti tinali pati."

3:10 masana, pasiwa. Mtembo unali ukadali ku mochale, amayi atakhala pa mphasa m'kanyumba ka udzu ka malemu. Mkazi wa Grey, Maliya, anatuluka nakhala pansi kuseri kwa nyumba, chitenje chakuda kumutu. Kalekeni anagwada patali pang'ono.

"Pepani mayi ndi zovutazi. Amuna anu anadindapo pa pepala ili?"

Maliya anayang'ana pa nambala 14 pomwe panali dzina la Grey. "Bambo a ana anga samadinda. Anafika sitandade 8. Amasaina, ndipo dzina lawo amalikhotetsa kumapeto, amanyadira. Lachinayi anapita kukatchajitsa foni ku ofesi, nkuona pepalalo patebulo. Anabwera atakwiya kwambiri. Akuti andisandutsa mbuli, andiyankhira kuti palibe vuto, chikhalirecho mwana wanga anakomoka ndi mankhwala opopera chaka chatha."

"Dzulo sanapite kutchalitchi chifukwa chiyani?"

"Akalaliki anawaitana, akuti 9 koloko. Anati tiyeni tikayendere limodzi nsanamira za chigafa, mundionetse zofumbwa ndilembe, a kampani asanabwere. Anasangalala bambo aja. Anavala shati ya kutchalitchi. Anati, waona Maliya, lero andifunsa."

"Mayi, bwanji simunanene dzulo?"

"Kwa ndani? Anthu anathamangira Ernest. Inu munathamangira chigafa. Ine palibe anandifunsa."

Kalekeni anatulutsa pepala la sitetimenti. Analemba, namupatsa cholembera.

Asanachoke anadutsira kusitolo ya zipangizo, kapitawo Nthanda atabwereka kiyi ku ofesi ponama kuti akufuna sipuleya yopopera mankhwala. Pakona panali jeke yodindira mabelo a fodya. Nyengo yodinda inali isanafike, ndiye jekeyo inali ndi fumbi ndi akangaude kuyambira chaka chatha. Chitsulo chake chopukusira, chotalika ngati mkono, chinali choyera mbee, chotsukidwa, chikununkha sopo.

"Kiyi wa muno amasunga ndani?"

"Akalaliki okha," anatero Nthanda. "Ngakhale ine ndimachita kupempha ngati mwana wopeza."

Lachiwiri, 8:30 m'mawa. Kalekeni anali ataimbira kale anthu atatu a ku Nkhamenya omwe amakhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo onse anati Goodness amamudziwa bwino, koma Lamulungu sanamuone. Analowa mu ofesi ya esiteti ndi wapolisi mmodzi wa yunifolomu, natseka chitseko. Goodness anali akupukuta tebulo, kukonzekera alendo a mawa.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Ernest wavomera?"

"Khalani pansi, a Chidzanja. Ndikufuna sitetimenti yanu."

Goodness analemba yekha, m'Chingerezi, tsamba lonse, nasaina mokhotakhota.

"Dindaninso."

"Ine? Bwana, ndili ndi MSCE. Kudinda ndi kwa anthu osadziwa kulemba."

"Grey amadziwa kulemba, koma anadinda. Tiyeni. Zala zonse khumi."

Kalekeni anamugwira dzanja yekha, chala chimodzichimodzi, kuyambira chachikulu cha kumanja. Zidindo zinatuluka zoyera, zokongola. Chala chachinayi chinali ndi kamzere kodula pakati. Anaika pepalalo pambali pa fomu ija, naloza pa 4, pa 14, pa 24.

"Anthu 24, zala khumi. Mumati mukafika kumapeto nkuyambiranso."

Goodness anaseka pang'ono. "Okay. Fomuyo ndinadinda ndine. Ndi mlandu wa pepala umenewo, bwana, si wakupha. Maesiteti ambiri..."

Kalekeni anatulutsa chitsulo chija m'thumba la pulasitiki, nachiika patebulo. Chinalira ngwee.

"Sitolo yonse fumbi, ichi chokha chasamba. Kiyi muli naye nokha. Ku Nkhamenya sanakuoneni. Maliya akuti munamuitana mwamuna wake 9 koloko. Chitsulochi chikupita kukayezedwa, ndipo magazi sathawa sopo, amabisala m'mizere umu. Mukufuna tidikire, kapena tisavutitsane?"

Panja nkhuku inalira. Foni ya tenanti wina pa tchaja inayamba kuimba nyimbo ya kwaya mpaka inasiya yokha.

"Ndinatenga chitsulocho kuti tizigogodera nsanamira," Goodness anayamba, maso ali patebulo. "Ndi momwe ndinamuuzira."

"Koma mumadziwa ntchito yake ina."

"Ndimafuna ndimupemphe kaye. Ndinamupempha, bwana, ndinagwada m'chigafamo. Ndinati achimwene, Lachitatu mungokhala chete, magolovesi ndikugulirani anu ndi a akazi anu, ndi ndalama yanga. Anandiseka. Akuti nanga enawo 23 manja awo ndi a chitsulo? Akuti a kampani akafika ndidzaimika dzanja, ndidzapempha cholembera, ndidzasaina dzina langa pambali pa chala chanucho, aone okha. Kenako anatembenuka, nkuwerama kuti andionetse pomwe chiswe chadya. Akundionetsa ndithu, ngati palibe chachitika. Akuti lembani iyi, iyi ndiye igwa msanga."

"Ndiye munamenya."

"Kamodzi."

"Kenako munagwetsa nsanamira yomweyo."

"Sinavute. Anali atanena zoona."

"Fodya munasamutsiranji?"

Goodness anadzutsa mutu ngati funsolo ndi lachilendo. "Anali masamba a pakati, bwana, abwino kwambiri m'chigafa chonse. Ine ndinabadwira pa laini ya matenanti, bambo anga anafera m'munda wa eni. Tsamba ukaliponda amakumenya mbama. Manja anangochita okha."

Kalekeni anatulutsa foni, naimba kupolisi. Nthawi inali 9:12. "Mutulutseni Ernest Likaka. Mumupatse tiyi, mumukwezenso kabaza mpaka pakhomo, mkazi wake akudikira." Anadula, natembenukira kwa Goodness.

"Ndipo mukanamusiya Ernest akaolere ku rimandi."

"Sindinamutchule ndine poyamba. Anthu anayamba okha. Ine ndinangokhala chete."

"Chifukwa cha pepala limodzi."

"Si pepala chabe, bwana. Eni esiteti amakhala ku Lilongwe, timalankhula pa foni basi. Anati fomu ikhale ready, koma ndisamve zoti mukufuna izi ndi izi. A kampani akanadziwa kuti ndinadinda ndekha, eni akewo akanati sitikumudziwa, ndi kalaliki wakuba. Ntchito yatha, mwina ndende. Ndikanabwerera kuti? Ku laini komwe kuja, zala zakuda? Ndinalumbira pa manda a bambo anga kuti ine ayi."

Wapolisi wa yunifolomu anatulutsa unyolo. Goodness anapereka manja yekha, oyera, ofewa, inki ili kunsonga.

Koma Kalekeni chinthu chimodzi chimamuzungulirabe m'mutu. Anaima pachitseko.

"Grey amafuna chiyani kwenikweni? Mndandanda wake wonse."

"Magolovesi ndi zophimba kukamwa popopera. Mitengo yatsopano ya zigafa. Kudikira mame aume tisanathyole. Ndi ndowa ya madzi ndi sopo kumunda."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye a Chidzanja, ndithandizeni, mwina ine ndi amene sindikumva. Mtengo wa mango uli apo. Anthu ali apo. Theka la ola. Kusiyana ndi kudinda zala zanu kawiri ndi theka, kuphunzitsa anthu 23 bodza, kupha munthu, kugwetsa chigafa, bwanji simunangowaitana nkuwafunsa?"

Goodness anayang'ana pawindo. Panja matenanti anali atayamba kusonkhana, ali chete, manja kumbuyo.

"Bwana, inu simuwadziwa anthu amenewa," anatero motsitsa. "Mukawafunsa amayankha."